Wofunsa Ali ku Nyenyezi

"Kiyibodi ya mwana wanga sindigulitsa," anatero mayi aja, dzanja lili pa nsalu imene anaivundikira nayo chimwalirireni mwanayo.

Woyimba ng'oma, mnzake wa malemuyo, anaweramitsa mutu. Gulu lawo linkasonkha ndalama za konsati imene malemuyo anakonza, yonena za munthu wopita ku nyenyezi pa chombo chosabwerera. Popanda kugulitsa kiyibodiyo, sakanatha kulipira holo.

"Tamva, amayi. Koma tamverani kaye zimene anasiya atajambula."

Anayatsa foni. Kunamveka kulira kwa makina, kenaka phokoso ngati la wailesi yosagwira bwino. M'phokosomo munatuluka mawu a mwana wawo, akuyankhula ngati woyendetsa chombo uja: "Kuno n'kutali, ndipo kukuzizira. Kunyumba mukundimva? Mwadya?"

"Tadya, mwanangu," mayiwo anayankha asanaganize.

Mawuwo anafunsanso chimodzimodzi.

Mayi aja anatsinzina, milomo ikugwedera ndi pemphero. Atatha anavundukula kiyibodi ija, napukuta fumbi ndi nsalu yomweyo.

"Tengani. Koma tsikulo mudzandisungire mpando wakutsogolo. Enawo azidzangowomba m'manja, osamuyankha."