Mtsinje wa Pansi pa Fakitale

"Ndinazemba malamulo ku Dubai ndi ku China, ndiye kalamulo ka kwathu kuno kangandiopse?" ankatero Ekpenyong, mwini fakitale ya sopo ku Calabar. Lamulolo linkakakamiza makampani kuulula zimene awononga m'chilengedwe, ndipo lipoti loti asainire mawa lake linkati iye sanawononge kanthu.

Usikuwo anabwerera kukazimitsa jenereta. M'fakitalemo anapeza mayi wachilendo akuchapa pasimenti pouma, koma madzi akumveka kukhavuka.

"Mayi iwe, wakulowetsa ndani? Pano m'panga!"

"Bwana, mtsinje wathu mwaulemba mu lipotimo?"

"Mtsinje uti? Ndinaukwirira ndi ndalama zanga!"

Mayiyo anapitiriza kuchapa osacheuka. Ekpenyong anamva kuzizira m'nsapato. Atayang'ana pansi, madzi anali atamufika m'akakolo, ndipo ankakwerabe.