Pepala Limodzi Lokha

Nambala 47 itawala pakhoma, Marlene anadzuka pabenchi miyendo itachita dzanzi. Linali tsiku lachitatu akuponda pakhoti la za mabanja, moti mlonda wa pakhomo anali atayamba kumupatsa moni ngati mnzake wa kuntchito.

Chimene ankafuna sichinali chachikulu ayi. Pepala limodzi basi. Bambo ake, a Wendell Haskins, anali gone kunyumba yosamalirako odwala amene madokotala awalephera, ulendo wa maola anayi pagalimoto. Namwino anaimba foni Lolemba kuti mkuluyo watsala madzi amodzi ndipo akungotchula dzina la Marlene. Dzina lake! Munthu amene anachoka pakhomo mwana ali ndi zaka zinayi, osabweranso, ngakhale kakhadi ka pa Khirisimasi osatumiza. Malemu amayi ake sankapita m'mbali pa nkhaniyi. "Bambo akowo sanakufunepo," ankatero. "Kukhoti komwe sanabwere n'komwe."

Curtis, mwamuna wake, ankangoti tiye tikawaone, munthu wakufa salimbana naye. Koma Marlene anagamula yekha mumtima: akapeza m'mafayilo a khoti pepala limodzi losonyeza kuti bambowo anayesapo kufunsa za iye, apita. Likapanda kupezeka, afe okha komweko.

Kunena kunali kosavuta. Pa intaneti panali milandu yoyambira 1996 yokha, pomwe wa makolo ake unali wa 1987. Lachiwiri anamuuza kuti wasokera, zakale zimasungidwa m'nyumba ya kutsidya kwa msewu. Atawoloka, akutsidyawo anamubwezera komwe anachokera. Lachitatu anapeza windo loyenera, koma laisensi yake yoyendetsera galimoto inamupereka: inali ndi dzina la kwa mwamuna.

"Mafayilo okhudza ana timaonetsa eni ake okha," anatero Mayi Dorsey, kalaliki wa pawindopo, akumuyang'anira pamwamba pa magalasi. "Apa palembedwa Marlene Boyd. Mwana wa pamlanduwu ndi Haskins."

"Mwanayo ndine amene!"

"Sindikukana, mayi. Koma pepala silikudziwani. Mubwere ndi setifiketi yanu ya ukwati."

Marlene anatuluka atapsa mtima, wosowa womukalipira. Ungakalipire windo? Tsiku lina linapita choncho, uku kutali munthu akuwerenga mpweya.

Lero, Lachinayi, anabwera ndi envulopu yodzaza: setifiketi ya ukwati, ya kubadwa, ngakhale ya ubatizo, kuti aone chimene akhotiwo anganamizire tsopano. Mayi Dorsey anaziwerenga mosafulumira, nalowa pakati pa mashelefu, nabwerako ndi kafoda kofiirira, kopyapyala ngati mulibe kanthu.

"Khalani patebulo apo. Kujambula ndi foni n'koletsedwa," anatero. Atatero anaimika kachikwangwani koti abwera posachedwa, nasowa. Apita kukamwa khofi amenewo, Marlene anaganiza choncho, anthu a boma sasintha.

Anatsegula kafodako. Munali pepala limodzi, lotayipa ndi makina akale aja, inki itayamba kufufutika. Ukwati watha. Mwana akhale ndi mayi ake. Ndipo m'munsi mwake, mzere waufupi: bambo sanaonekere m'khoti.

Anawerenga kawiri. Anatembenuza pepalalo, kumbuyo kunali mbee. Anakutumula kafodako mwina china chamatirira, koma munagwa kachitsulo kopanira mapepala kadzimbiri basi.

Ndiye kuti amayi sananame. Akanayenera kupepukidwa, poti mlandu wake unali utatha mmene ankanenera kwa zaka zonsezi. Koma ayi ndithu, zinamuwawa koopsa. Apa m'pamene anazindikira kuti masiku atatu onsewa sankafuna umboni wokanira ulendo. Ankafuna chonamizira choti apite. Kalata imodzi, siginecha imodzi, ngakhale pempho lolembedwa mwaulesi likanakwanira. Mayi wa zaka makumi anayi, wa ana akeake awiri, anakhala pampando wa pulasitiki akumeza misozi ngati kamwana koiwalidwa pasukulu anzake onse atatengedwa. Panalibe woti amufunse. Amayi anali kumanda, woweruza wosayina pepalalo mwina nayenso chimodzimodzi.

Anatulutsa foni n'kuimbira Curtis.

"Usavutike kukathira mafuta. Sitipita."

"Marlene, taganiza kaye, iwe..."

"Ndaona ndi maso angawa. Sanabwere. Uwaimbire anamwino aja, uwauze asandivutitsenso."

Anadula asanayankhidwe. Anasiya kafodako pawindo lopanda munthu, napachika chikwama paphewa, nayamba kulowera kukhomo. Ali pafupi kutuluka, anamva timatayala tikulira kwii kwii kumbuyo kwake.

"Mayi Boyd! Mukuthawira kuti? Ine ndatsikira inu mpaka kuchipinda cha pansi ndi maondo anga okalambawa!"

Anali Mayi Dorsey, akupuma wefuwefu, akukankha kangolo konyamula makatoni anayi afumbi.

"Kafoda kaja n'ka tsiku loyamba lokha. Mlandu ukanenepa sukwana pashelefu, ndiye timautsitsira pansi." Anamenya katoni yapamwamba ndi chikhatho, fumbi kuti fwaa. "Onsewa ndi madandaulo a bambo anu. Zaka khumi ndi zinayi akubwera pawindo lino, kupempha kuti azikuonani ngakhale Lamlungu limodzi pamwezi. Muyambira katoni iti?"