Mkono wa Mayi Telala

Galu wa aneba analuma mwendo wa mwana wa mayi telala, osausiya. Mayiyo anatola simbi n'kuyamba kumumenya galuyo. Kamodzi, kawiri, kasanu, kenako mkono unangoti lobodo, simbi n'kugwa.

Adokotala anali atamufotokozera matenda akewa. Mitsempha imatumiza uthenga ku minofu m'timatumba ting'onoting'ono, ndipo iye akagwira ntchito mwaphuma timatha tisanadzazidwenso. "Muzipuma kaye, mayi, timabwerera."

"Amayi! Akundipha!"

Mayiyo anapuma. Anangoima chilili, magazi akuyenderera pasimenti, mwana akumuyang'ana. Zala zitayambanso kumvera, anatola sizasi ndi manja awiri, n'kugwada, n'kumubaya galuyo pakhosi mpaka nsagwada zinamasuka.

Mwanayo anakwawira kukhoma.

"Amayi, munaimiranji?"