Bambo Wovala Sari

Pachinsalu cha kanema, bambo wandevu wovala sari, nsalu ya akazi, ankavina mogwedeza chiuno, akuimba ndi timawu ta chitsikana. Holo yonse ya kanema ya m'dera la Dadar inafa nacho chiseko.

Kusum, mtsikana amene ankaonera nawo, anawazindikira nthawi yomweyo: anali bambo ake. Kusukulu ankauza anzake kuti bambo ake ndi kalaliki wa kunjanji.

"Iwe Kusum," ananong'ona mnzake Pramila, akumugunda ndi chigongono, "mphuno yakeyo ngati yako! Si bambo ako amenewa?"

"Usandilaule iwe. Chitsiru chopanda manyazi chonchi chingandibereke ine?" Kusum anaseka mokweza kuposa onse.

Magetsi atayaka pa nthawi yopumula, anatembenuka. Kumbuyo kwake kwenikweni kunakhala bambo ake, atavala malaya oyera amene ankawasungira maukwati, m'manja muli timapepala tiwiri ta mtedza wokazinga. Utoto wodzola kumaso pojambulitsa kanema unali usanachoke bwino m'makutu mwawo.



Bambowo anayang'ana Pramila, kenako anayang'ana mwana wawo. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Onerani bwino, atsikana," anatero, ngati akulankhula ndi ana a eni. Anatuluka kanema ali pakati.