Tulo ta Alamu pa Foni Iliyonse

"Alamu, mwandiyalutsa!" anakuwa mwini sitolo ya matiresi, akugwedeza foni m'mwamba.

Mlamu wakeyo, mayi wokonza mawebusaiti, atayang'ana anafa nalo phwete. Pawebusaiti ya sitoloyo, m'malo mwa matiresi, paliponse panali chithunzi chimodzi: mwini sitolo ali mtulo pa matiresi, kukamwa kuli yasa.

"Pepanitu," anatero mayiyo akupukuta misozi. "Ndinalemba lamulo pa seva, kompyuta yosunga webusaitiyi, loti makompyuta azilandira zithunzi zazikulu, mafoni zazing'ono. Koma ndinailozera polakwika, ndiye ikasowa zazing'onozo ikumatumiza chithunzi chimene ndinkayesera chija."

"Munasowa choyesera china?"

"Munagona mokongola, alamu."

Anatsegula laputopu pakauntala, n'kukonza mzere wolakwikawo, n'kufufuta zakale zimene seva inasunga. Matiresi onse anabwerera, iye n'kuvina mozungulira mpando.

Asanakhale pansi, panalowa kasitomala, foni ili m'manja.

"Bambo ogona aja mwawachotseranji? Ine ndikufuna matiresi omwe aja. Tulo totere ndinatiiwala kalekale!"

Mwini sitolo anayang'ana mlamu wake. Kenako anavula nsapato, n'kudziponya pa matiresi odula kuposa onse, n'kuyasama.

"Jambulani, alamu. Chachikulu ndi chaching'ono chomwe."