Kaloko Kofiira

Kwa masiku atatu tsopano dalaivala wina anali akulimbana ndi kompyuta ya pabalaza. Kuyaka imayaka bwinobwino, nyimbo imaimba, zithunzi za ana imaonetsa. Koma akangolemba adiresi ya chipatala, imatulutsa kaloko kofiira n'kumuuza kuti tsambalo ndi losatetezeka, sangalowe.

M'tsamba limenelo munali zotsatira za mkazi wake. Sabata zitatu m'mbuyomo madokotala anadulako kachidutswa ka chotupa cha m'bere n'kukatumiza kokapima. Anati zotsatira zidzaikidwa pa intaneti Lolemba, koma zoonana ndi dokotala n'za mwezi wamawa. Inu, munthu angadikire mwezi wathunthu osadziwa ngati mkazi wake ali ndi khansa?

Palibe chimene sanayese bamboyu. Anazimitsa n'kuyatsanso kosawerengeka. Anazula mawaya onse, kuwauzira, kuwabwezera. Anaimbira a kampani ya intaneti, iwo n'kumuuza kuti kwawoko zonse zili bwino. Anaimbira kuchipatala, kumeneko anati zotsatira sanenera pafoni. Timafoni tawo tinali tamabatani, tongoimbira basi. Atanena zokaonera kusitolo ya intaneti, mkaziyo anapinda kapepala ka nambala yachinsinsi n'kukaika m'chikwama chake.

"Matenda anga si filimu yoti tikaonere pagulu," anatero.

Dalaivala anatsimikiza kuti kompyutayo yakalamba basi. Anaigula kale yogwirapo ntchito, ndipo ikamayaka imalira ngati lole yokwera chitunda. Amati akaiyang'ana mtima umamuwawa. Zaka zonsezi ali pamsewu, kugona m'galimoto, kudya zozizira, koma kulephera kugula chipangizo chomuuza ngati mkazi wake achira. Pamwamba pake pakhoma panali chithunzi cha ukwati wawo, awiriwo ali oonda, akumwetulira, m'munsi mwake mutalembedwa 9 Seputembala. Masiku atatu amenewa sanachiyang'ane n'komwe.

Kumbuyo kwake mkaziyo amangosita. Kuyambira Lolemba anali atasita malaya onse a mwamuna wake, ngakhale aja anasiya kumukwana kalekale. Anasokerera mabatani, anamuonetsa pomwe pamakhala makadi a sukulu a ana.

"Zisiyeni izo, abambo. Bwerani mukhale apa ticheze. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ticheze chiyani, mayi? Inu simukuopa?"

"Ndiye kuopako kusintha chiyani?"

Zinamupsetsa mtima. Iye chakudya chikumukanika, mwini matenda ali phee, akuimba kanyimbo pansipansi ngati palibe chikuchitika. Anaganiza kuti mwina mkaziyu sakumvetsa kukula kwa nkhaniyi, ndipo anamumvera chisoni.

Lachitatu masana anaitana mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, yemwe amakonza makompyuta mumsika. Mkaziyo anali atakaniza kuti asamuvutitse mwana wa eni ali pantchito, koma ulendo uno dalaivala sanamvere.

Mlamuyo anafika ndi kachikwama ka zida. Sanatsegule n'komwe. Anangosuzumira pakona ya sikirini n'kuphulika kuseka.

"Alamu, masiku atatu kulira maliro a chimfine? Kompyuta yanu yasokoneza tsiku. Ikuyesa kuti tili zaka zakale. Masamba okhala ndi loko amayamba ayang'ana kalendala, ikakhala yolakwika amakukanizani pakhomo."

"Basi zomwezo?"

"Zomwezo. Kawirikawiri kamakhala kabatire kakang'ono ka m'katimu. Kakatha, wotchi imabwerera m'mbuyo."

Dalaivala anakhala pansi. Kabatire! Kanthu kochepa ngati batani la malaya kumuzunza chonchi munthu wamkulu. Sanadziwe ngati asangalale, poti loko akatseguka ndiye kuti chomwe chili m'katimo achiona lero lomwe. Anatembenuka kuti amuuze mkazi wake atulutse kapepala kaja. Anapeza simbi itaimikidwa, mwini wake ataima pakhomo la kuchipinda, atagwira mphuthu.

Mlamu uja anali atasiya kuseka.

"Komatu kabatire aka ndinasintha ndekha chaka chatha, inu muli ku ulendo. Vuto linali lomweli, achemwali anaonerera mpaka ndinawaphunzitsa pokonzera tsiku." Anakanda m'mutu. "Komanso kabatire kakatha, kompyuta imathawira pa 1 Januwale. Iyi yaima pa 9 Seputembala, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Tsiku limeneli lachita kulembedwa ndi munthu."

Anadina pomwe pamasungika masamba amene atsegulidwapo, n'kuloza ndi chala. Tsamba la chipatala linatseguka bwinobwino Lolemba, sikisi koloko m'mawa, nthawi imene dalaivala anali kubafa.

Bamboyo anakweza maso, kuyang'ana chithunzi chapakhoma chija, kenako mkazi wake.

"Ndinawerenga kale, abambo," anatero mkaziyo. "Ndimangofuna mwezi umodzi wokha muzindiyang'anabe ngati mkazi wanu, osati ngati maliro."