Dzanja la Pulofesa Kinnear

Mpeni uli m'mwamba, dzanja la Pulofesa Kinnear linayamba kunjenjemera.

Patebulo panagona msodzi wa ku Aberdeen, mwendo wake utawola. Asanamugoneke ndi mankhwala anali atachita nthabwala: "Adokotala, mudule wowolawo. Winawu ndimavinira."

Ophunzira za udokotala anali atadzaza mabenchi mpaka kudenga. A Kinnear anafinya chigwiriro, koma nsonga ya mpeni inkagwederabe pamwamba pa mtsempha waukulu.

"Geddes," a Kinnear anaitana mokweza dokotala wowathandiza, "waima kumbuyo kwanga mokwanira. Lero dula ndiwe, anyamatawa aone zimene ndinakuphunzitsa."

Zala zawo zitakhudzana pa mpeni, Geddes anakumva kunjenjemerako. Sanadzutse maso.

"Zikomo, aphunzitsi."

Ophunzira anayamba kumenyetsa nsapato pansi, monga ankachitira mphunzitsi akawasangalatsa, mpaka fumbi kuti koboo. Wina anakuwa, "Koma mdalayu ngwa mtima wabwino!"

A Kinnear anawerama pang'ono kulandira ulemuwo, makutu akutentha ndi manyazi. Manja anawabisa kumbuyo, lina litagwira linzake. Mawa lake kunali odwala ena amene ankafuna dzanja lawo basi.